MLEZI WA MWANA: PANGANANI ASANAYAMBE NCHITO

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, aphunzitsi, anamwino ndi amai ocita malonda pamsika amasiya makanda ao m'manja mwa alezi kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Ambiri mwa alezi amenewa ndi atsikana otengedwa kumidzi, kawirikawiri acibale, ndipo amayamba nchito popanda pangano lililonse. Mikangano imayambira pamenepa, ndipo wovutika amakhala mwana.

Tsiku loyamba, makolo a mwana ayenera kukhala pansi ndi mlezi, pakhalenso wamkulu wa kwao kwa mtsikanayo monga mboni. Afotokoze bwino nthawi yodyetsa phala, yosambitsa ndi yogoneka mwana. Mlezi auzidwe kuti sayenera kumenya mwana, kum'mwetsa mankhwala makolo asanalole, kapena kum'siya kwa munthu wacilendo. Adziwe pamene pamakhala khadi la ku sikelo, ndi kuti mwana akatentha thupi kapena kutsegula m'mimba, makolo amve nthawi yomweyo.

Pa za kavalidwe, cacikulu ndi ukhondo ndi citetezo ca mwana. Mlezi afunika zitenje ziwiri: cina coberekera mwana, cina cogwirira nchito ya kukhichini ndi kucapa matewera. Amange duku pophika phala, awenge zikhadabo, ndipo asambe m'manja ndi sopo. Mikanda ndi ndolo zazitali azivule, pakuti khanda limakoka ciliconse ndi kuika m'kamwa. Amene afuna kuti mlezi avale yunifomu agule yekha, osadula pa malipiro. Kum'veka nsanza pamene ana a m'nyumba avala bwino ndi kunyoza munthu amene wanyamula moyo wa mwana wanu.

Boma linaikanso malamulo. Mu 2011 linakhazikitsa malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2024 anakwezedwa kufika pa K1,300 pamwezi. Mwana wosakwana zaka 15 saloledwa kulembedwa nchito ya m'nyumba. Popeza maphunziro m'masukulu a boma anakhala aulere mu 2022, palibe cifukwa cocotsera mtsikana m'kalasi kuti akalere mwana wa wina.

Cibale sicilowa m'malo mwa malipiro, ndipo nsima ndi pogona si malipiro ai. Banja limene lifuna kuti mlezi asunge malamulo a panyumba liyambe lokha kusunga tsiku lom'lipira ndi tsiku lake lopuma.