Ufa ugayidwe pamene wogula waitana

Eni zigayo ndi timafakitale ta ufa kuno ku Ulongwe akandiitana, ambiri amafuna ndiwauze makina ena oti agule. Ine ndimayamba ndaona mulu wa matumba umene uli pakhomo. Pamenepo pagona ndalama: chimanga chinalipiridwa, magetsi analipiridwa, anyamata analandira kale, koma wogula sanafike. Mvula ikayamba, matumba apansi amagwira chinyezi, anankafumbwe nawonso sachedwa.

Ntchito yathu amaitcha lean manufacturing, dzina limene linamveka mu 1988, koma nzeru yake inakulira ku Toyota, ku Japan, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Taiichi Ohno wa ku Toyota anaona kuti kupanga zinthu zochuluka kuposa zofunika ndiko kuwononga kwakukulu, chifukwa mulu umabisa zolakwika zina zonse. Anatembenuza kayendedwe ka ntchito: wa kutsogolo azitenga chimene akufuna, wa kumbuyo azingobwezera chimene chatengedwa. Uthenga wake unkayenda pa kakhadi kotchedwa kanban.

Musaope dzinalo. Wa golosale amatenga kreti yodzaza ya zakumwa akabweza yopanda kanthu; kreti yopanda kanthuyo ndiye kanban.

Pachigayo timachita chonchi. Timajambula malo ndi penti pansi, okwana mapaleti asanu basi, lililonse ndi khadi lake. Galimoto ikanyamula paleti imodzi, khadi limabwerera kwa wogaya, ndipo ndicho chilolezo chake chogaya matumba enanso ochuluka chomwecho. Popanda khadi makina aime, anyamata apukute, athire girizi, amange malamba. Apa mpamene eni ake amandiyang'ana ndi diso loipa, poti kwa iwo phokoso la chigayo ndiye phindu. Tiyerekeze kuti ogula amatenga matumba 240 patsiku la maola 8: ndiye kuti thumba limodzi pa mphindi ziwiri zilizonse. Kuthamanga kuposa apo nkungodzaza nyumba.

Koma pali malire, ndipo amene amangotengera za m'mabuku amaphonya pomwepa. Toyota amalandira zipangizo tsiku ndi tsiku, pamene chimanga cha ku Domue ndi Tsangano chimakololedwa kamodzi pachaka. Chimenecho gulani nthawi yokolola, muumitse bwino, musunge chambiri, poti njere imakhalitsa kuposa ufa. Lamulo la khadi liyambire pa khomo la nkhokwe kupita kwa wogula. Za kuzima kwa magetsi nazonso nzoona. Onjezerani paleti imodzi kapena ziwiri za ufa wodikirira nthawi yotere, koma chiwerengero chidziwike.

China ndi nthawi yosintha sefa pochoka ku mgaiwa kupita ku ufa woyera. Ikatalika, wogaya amakakamira mtundu umodzi tsiku lonse. Sipanala ndi sefa zikhale pafupi makina asanaime.

Musanapite kubanki kukatenga ngongole ya chigayo chachiwiri, lembani tsiku logayira pa thumba lililonse kwa mwezi umodzi, muone kuti likugona masiku angati lisanatuluke.