Chikhristu Chathu Chimayesedwa pa Sikelo

Mawu otitsogolera: Amosi 8:4-7, Luka 16:10-12

Nyengo yokolola ikafika, sikelo zimapachikidwa m'mitengo m'mbali mwa misewu, ndipo ndowa ndi zitini zoyezera zimatuluka m'nyumba. Mlimi amafika ndi thumba la soya pa njinga, wogula amalikoleka pa mbedza, muvi wa sikelo n'kuloza nambala, ndalama n'kuperekedwa. Zonsezi zimatha m'mphindi ziwiri. Koma abale ndi alongo, m'mphindi ziwiri zimenezo chikhulupiriro cha anthu awiriwa chimayesedwa koposa m'maola atatu amene adakhala m'tchalitchi Lamulungu.

Tisanamizane, timadziwana. Thumba limene lidachoka kunyumba lili la makilogalamu 50 limafika pa sikelo zina litaonda. Naye mlimi ali ndi nzeru zake: amawaza madzi pa thonje usiku kuti lilemere, kapena kubisa mchenga pakati pa mtedza. Ku msika kuli ndowa zokhomedwa kunsi, ndiponso milu ya tomato imene wofewa amakhala pansi, wokongola pamwamba. Tikafunsidwa timati n'kakang'ono, aliyense akutero. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri a ife ochita zimenezi timaimba kwaya, tili m'mabungwe a amayi, ena ndife akulu a mpingo.

Khalidwe limeneli silidayambe ndi ife. Zaka zoposa 700 Khristu asanabadwe, Mulungu adatuma Amosi, woweta nkhosa wa ku Tekowa m'dziko la Yuda, kuti akalankhule kwa anthu a ufumu wa Israele m'masiku a mfumu Yerobowamu, pamene malonda ankayenda bwino. Amalonda amene Amosi adawadzudzula anali anthu opemphera. Sabata likafika ankaleka kugulitsa, koma mumtima ankawerenga maola kuti tsikulo lithe msanga. Akatsegula malonda ankachepetsa efa, muyeso wa tirigu, n'kukulitsa sekeli, mwala woyezera siliva. Masiku amenewo siliva ankachita kumuyeza pa sikelo polipira, motero mmphawi ankaberedwa kawiri: kulandira tirigu wochepa, kupereka siliva wochuluka. Ngakhale zinyalala zosesedwa pansi ankazisakaniza ndi tirigu. Ndipo Mulungu adalumbira kuti ntchito zimenezi sadzaziiwala.

Tiyeni tione kumene Mulungu adaika lamulo la miyeso. Lili pa Levitiko 19:35-36, m'mutu womwewo umene ukuitana anthu ake kuti akhale oyera ndi kukonda anzawo monga adzikondera okha. Pa Deuteronomo 25:13-16 akuletsa munthu kusunga m'thumba mwake miyala iwiri yoyezera, waukulu ndi waung'ono. Pamaso pa Mulungu, tsono, ndowa yoyezera chimanga ili m'gulu limodzi ndi pemphero ndi chopereka.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Kilogalamu imodzi imene tam'dula mayi wamasiye ndiyo mchere wake, sopo wake, kope la mwana wake wa ku sukulu. Tikadula kilogalamu imodzi kwa alimi 100, tapita kwathu ndi matumba awiri amene sitidalime ndipo sitidagule. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mwambiwu umagwiranso ntchito pa tchimo. Tikumbukirenso ana athu. Mwana amene timam'siya pa malonda ndi ndowa yokhomedwa waphunzira kale phunziro limene aphunzitsi a Sande sukulu adzavutika kulifufuta.

Tonse tidakwiya m'chaka cha 2013 pamene kudaululika kubedwa kwa ndalama za boma kumene kudatchedwa Cashgate, ndipo kukwiyako kunali koyenera. Koma Ambuye Yesu pa Luka 16:10 akutiphunzitsa kuti mmene munthu amachitira ndi zinthu zazing'ono ndi mmenenso adzachitire ndi zazikulu. Wopotoza sikelo ya pamtengo ndi wopotoza mabuku a mu ofesi amangosiyana kukula kwa chimene adaikiziridwa. Tidzifunse: akadatipatsa ife makiyi aja, tikadatani?

Tikudziwa kuti malonda ndi owawa. Mtengo wa thiransipoti umakwera, tikiti ya msika imafunika tsiku ndi tsiku, ndipo phindu limachepa. Mulungu saletsa phindu. Ngati katundu wakwera kumene tikupikula, tikweze mtengo poyera, wogula amve ndi makutu ake, asankhe yekha. Koma muyeso ukhale woona. Okhometsa msonkho ndi asilikali atapita kwa Yohane Mbatizi kukafunsa chochita (Luka 3:12-14), iye sadawauze kuti asiye ntchito. Adawabwezera ku ntchito zomwezo kuti akalandire zoyenera zokha, osalanda za munthu.

Kulapa kwenikweni kumafika mpaka m'thumba. Zakeyu wa ku Yeriko atalandira Yesu m'nyumba mwake adalonjeza kubweza kanayi chilichonse chimene adanyenga nacho munthu. Mwina ife sitingawapezenso onse amene tidawadula, koma sabata ino tingathe kuyambapo. Tiwongole kunsi kwa ndowa ija. Tiyese sikelo yathu ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, tione ngati ikunena zoona. Chenji chimene tidapatsidwa mopitirira tikachibweze, ndipo ngongole ya pa okala ya mnzathu tikailipire asanachite kutikumbutsa. Palibe amene adzatiombere m'manja chifukwa cha zimenezi, koma Atate athu amene amaona zobisika adzaziona.

Tiyeni tipemphere: Ambuye Mulungu, mukudziwa miyeso ya m'manja mwathu ndi ya m'mitima mwathu. Tikhululukireni pamene tidadyera masuku pamutu anzathu osauka. Tipatseni chakudya chathu kudzera m'njira zolungama, ndipo mutithandize kukhala okhulupirika Lolemba monga timaonekera Lamulungu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.