Jakaranda ndi mvunguti ndi pachibale

Chakumapeto kwa Seputembala, udzu utauma ndipo mvula idakali kutali, misewu ina ya ku Blantyre ndi ku Zomba imasanduka ya pepo. Nthawi imeneyi jakaranda amakhala atayoyola masamba ambiri, choncho maluwa amaonekera okha panthambi.

Mtengowu tinauzolowera, koma kwawo ndi ku South America, makamaka ku Bolivia ndi kumpoto chakumadzulo kwa Argentina. Dzina loti jakaranda linachokera ku zilankhulo za anthu a Tupi ndi Guarani, ndipo Apwitikizi ndiwo analifalitsa. Mu 1822, katswiri wa zomera wa ku Scotland, David Don, anautcha Jacaranda mimosifolia, kutanthauza kuti masamba ake amafanana ndi a chomera cha mimosa. Tsamba limodzi limagawikana kawiri, n'kukhala ndi timasamba tambirimbiri ngati ta bwemba.

Masambawo asakupusitseni. Mimosa ndi bwemba ali m'banja la nyemba, koma jakaranda mulibemo. Akatswiri pofufuza chibale cha zomera amadalira kwambiri duwa, ndipo duwa la jakaranda, lotalika ndi lotambasuka kukamwa ngati lipenga, limamuika m'banja la Bignoniaceae, lotchedwa potengera dzina la Jean-Paul Bignon wa ku France. M'banja lomweli muli mvunguti wathu uja. Kwa ine, apa ndiye pokoma nkhaniyi. Ndani angaganize zoti mtengo wa zipatso zolemera zolendewera, umene asing'anga amaudziwa bwino, ndi m'bale wa mtengo wokongoletsa misewu ya m'tauni? Koma tolani duwa la uliwonse muyerekeze, kapangidwe kake n'kamodzi. Kusiyana kwake n'koti la mvunguti ndi lalikulu, lofiira moderako, limatseguka usiku ndipo mungu wake umanyamulidwa ndi mileme, pomwe la jakaranda limakopa njuchi masana.

Chipatso cha jakaranda ndi chikhokhombe chophwatalala cholimba. Chikauma chimang'ambika pakati n'kutulutsa njere zopepuka zokhala ndi timapiko, zimene mphepo imaziulutsa kutali. N'chifukwa chake ku South Africa, kumene mitengo yoyamba ya mu Pretoria inabzalidwa mu 1888, boma linadzaika jakaranda m'gulu la zomera zachilendo zolanda malo a mitengo yachilengedwe. Kwawo kwenikweni zinthu zili mosiyana: nkhalango zikugwetsedwa kuti pakhale minda, ndipo bungwe loona za chilengedwe la IUCN linaika jakaranda wam'tchire pa mndandanda wa mitengo imene ili pachiopsezo.