Intaneti Ikachedwa, Musafulumire Kuimba Mlandu Lamya

Ku Britain lamya zakale za m'nyumba, zoyenda pa mawaya a mkuwa, zikuchotsedwa pang'onopang'ono. Kampani ya BT poyamba inafuna kutseka njira yakaleyo pakutha pa chaka cha 2025, koma mu 2024 inalengeza kuti yasuntha tsikulo kufika pa 31 Januwale 2027. Pa dongosolo latsopanoli, limene BT imalitcha Digital Voice, mawu amadutsa pa intaneti, ndipo lamya siilumikizidwanso kukhoma ayi, koma kumbuyo kwa rauta, kabokosi kamene kamagawa intaneti m'nyumba. Kusinthaku kukukhudzanso abale athu okhala kumeneko.

Mabanja ena akudandaula kuti chisinthireni lamya, intaneti yawo ikuyenda ngati bilimankhwe. Ambiri mwa iwo amaganiza kuti lamyayo ndiyo ikudya mphamvu ya intaneti, koma masamu akukana. Kukambirana kumodzi pa lamya yotere kumatenga pafupifupi makilobiti 100 pa sekondi. Nyumba imene imalandira mamegabiti 30, amene ndi makilobiti 30,000, imataya gawo limodzi lokha mwa magawo 300. Choncho vuto liyenera kufunidwa kwina.

Choyamba ndi kudziwa ngati kuchedwako kuli pa waya wochokera kunja kapena m'nyumba momwemo. Lumikizani kompyuta ku rauta ndi chingwe cha Ethernet, zimitsani Wi-Fi pa zipangizo zina zonse, kenaka yezani liwiro m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, n'kumalemba zotsatira. Ngati pa chingwe liwiro lili bwino, ndiye kuti kampani ilibe mlandu, vuto ndi Wi-Fi.

Wi-Fi imasokonekera kawirikawiri chifukwa pa tsiku losinthalo banja limalandira rauta yatsopano, kapena limasuntha yakale kuti ikhale pamene pali lamya, mwina pakona, pansi kapena kuseri kwa kabati. Makoma, magalasi ndi zitsulo zimafooketsa mafunde ake. Chitofu cha microwave chimagwira ntchito pa mafunde a 2.4 GHz, omwenso Wi-Fi imagwiritsa ntchito. Mafunde a 5 GHz ndi othamanga koma salowa bwino m'makoma. Ikani rauta pamalo okwera ndi poyera. Ngati rauta yakale ikadali yoyaka pambali pa yatsopano, ziwirizo zingathe kulimbana.

Ngati liwiro ndi lotsika ngakhale pa chingwe, yang'anani mawaya. M'nyumba zimene intaneti imafikabe pa waya wa mkuwa, mawaya akale opita ku masoketi a m'zipinda amatola phokoso la magetsi monga mlongoti wa wailesi, ngakhale kulibenso lamya yolumikizidwako. Soketi yaikulu ya m'nyumba zambiri za ku Britain ili ndi kasoketi koyesera kuseri kwa chivundikiro chake. Rauta ikalumikizidwa pamenepo liwiro n'kukwera, olakwa ndi mawaya a m'nyumbawo.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa ndi ichi: pa waya wa mkuwa pali makina amene amayesa okha liwiro loyenera, ndipo pambuyo pa kusintha angatenge masiku 10 kuti akhazikike. Munthu akamazimitsa ndi kuyatsa rauta kangapo pa tsiku chifukwa cha mkwiyo, makinawo amayesa kuti wayayo ndi wodwala, ndipo amatsitsanso liwiro. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi zina zinthu zimatembenuka, intaneti n'kukhala yosokoneza lamya. Wina m'nyumba akamatumiza zithunzi kapena mavidiyo ambiri, njira yotulukira imadzaza ndipo mawu pa lamya amadukaduka. Imitsani kutumizako muone ngati mawu akumveka bwino.

Zonsezi zikalephera, itanani kampani muli ndi manambala anu m'manja. Malinga ndi malamulo a bungwe la Ofcom amene anayamba kugwira ntchito mu 2019, makampani amene anavomera kuwatsata amauza kasitomala liwiro lotsikitsitsa limene akumulonjeza. Liwiro likatsika kuposa pamenepo ndipo masiku 30 n'kutha osakonza, munthu ali ndi ufulu wochoka popanda chindapusa.

Chenjezo lalikulu ndi la magetsi. Lamya yakale inkalandira mphamvu kuchokera pa waya wake, koma yatsopanoyi imazima pamodzi ndi rauta. Ofcom imalamula makampani kuthandiza anthu odalira lamya ya m'nyumba kuti athe kuimba nambala ya ngozi, 999, kwa ola limodzi kapena kuposa magetsi akathima. Choncho amene akuzula rauta pofuna kukonza liwiro adziwe kuti akudulanso lamya ya agogo. Amene muli ndi makolo kapena odwala kumeneko, afunseni ngati batire yothandizira anailandira.