Loya wa boma ndi masiku 14 a apilo

Ambiri a ife ku Katete, Sinda ndi Vubwi tikamva za loya wa boma timangoganiza za uja woimba munthu mlandu. Komatu boma lilinso ndi maloya a Legal Aid Board, amene nchito yao ndi kuimirira amphawi: oimbidwa milandu, ocotsedwa nchito mopanda cilungamo, ngakhale osalidwa cifukwa ca kulemala, cinthu cimene lamulo la 2012 linaletsa. Kuno kum'mawa timawapeza ku Chipata.

Cobvuta ndi nthawi. Majisitireti akagamula mlandu waupandu, lamulo lipatsa wogamulidwayo masiku 14 okha ocitira apilo ku High Court. Kwa munthu wa ku Vubwi, makamaka nyengo ya dzinja mseu utaonongeka, masiku amenewa amatha abale akali kufunafuna wogula mbuzi kuti apeze ya galimoto. Khoti ikhoza kulandira apilo yocedwa, inde, koma ifuna cifukwa comveka, ndipo wodziwa kucilemba ndi loya yemwe uja sanamuone. Wocotsedwa nchito ali ndi masiku owerengeka, koma nayenso amawataya poyembekeza kuti abwana asintha mtima.

Lamulo la Legal Aid la 2021 linabvomereza maparaligo, anthu ophunzitsidwa kulangiza za malamulo ngakhale si maloya. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma mu 2012. Tiona kuti ayenera kukhala nao okwanira pafupi.

Pakali pano, ife a m'miphakati tikacezera m'bale kundende, titatha pemphero tizimufunsa tsiku limene anagamulidwa.