ULENDO WA KU CHILUMBA CHA LIKOMA

Ife a m'boma la Chongwe tidziwa madzi a mtsinje wa Chongwe, amene amayenda pakati pa mtunda. Lero tipita kumene mtunda ndiwo uli pakati pa madzi. Malo otere amatchedwa chilumba, ena amati chisumbu. Chilumba chathu ndi Likoma, pa nyanja ya Malawi, kumene anthu amalankhula Chinyanja chimene inu mudzachimva bwino. Funso lathu nali: kodi mlendo adzikonze bwanji kuti apite, adye, ndi kubwerera kwawo ali moyo ndiponso atasiya mbiri yabwino?

Yambani mwaona njira pa mapu. Kuchokera ku Chongwe basi imatsata msewu wa Great East, kuoloka mlatho wa Luangwa, kupyola Nyimba, Petauke ndi Katete, mpaka ku Chipata. Ameneŵa ndi makilomita opitirira 500. Pa chipata cha Mwami muonetsa pasipoti ndi kulowa m'Malawi cha ku Mchinji. Mukafika ku Lilongwe mukwera basi ina yopita ku Nkhata Bay, doko la m'mbali mwa nyanja. Dziwani kuti kwacha ya Zambia ndi kwacha ya Malawi ndi zosiyana ngakhale dzina ndi limodzi. Sinthani ndalama ku banki musanafike ku doko.

Pa Nkhata Bay mupeza sitima ya pamadzi. Yotchuka ndi Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanjayi m'chaka cha 1951. Sitima si minibasi ya ku Lusaka yoti ikapita ina ibwera. Ili ndi masiku ake, ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe. Akulu anati safunsa anadya phula: funsani tsiku lake musanachoke kwanu. Funsaninso za nyengo. Kuyambira mwezi wa May mpaka August kumaomba mphepo ya mwera, yochokera kummwera, imene imautsa mafunde aakulu. Musakwere bwato lodzaza kopitirira muyeso, ndipo mukakwera khalani pansi osayendayenda.

Likoma ndi kachilumba kakang'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, ndipo pafupi pake pali kena kochepa, Chizumulu. Zonse ziwiri ndi za Malawi, ngakhale zili pafupi ndi gombe la Mozambique, kotero kuti muli pa Likoma mapiri a dzikolo mumawaona bwino. Amishoni a mpingo wa Anglican anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1903 anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene chilipo mpaka lero. Mukalowamo vulani chipewa ndi kulankhula motsitsa mawu, pakuti ndi nyumba yopemphereramo.

Tsopano tifike pa chakudya, pakuti apa ndi pamene alendo ambiri amalakwa. Nthaka ya Likoma ndi ya mchenga ndi miyala, ndipo chimanga sichichita bwino monga m'minda ya ku Chongwe. Ufa wambiri ndi katundu wa m'masitolo zimabwera pa madzi, n'chifukwa chake mitengo yake imakwera. Mbewu imene anthu amadalira ndi chinangwa, ndipo nsima yake imatchedwa kondowole. Chinangwa chowawa chili ndi ululu. Choncho amayi amachisenda, nachiviika m'madzi masiku angapo, nachiyanika padzuwa, kenaka nachisinja. Inu musazule ndi kutafuna chinangwa chachiwisi chimene simuchidziwa. Kondowole ndi wonanda ndi wolemera m'mimba. Temani mbamu yaing'ono ndi kudya mofatsa.

Ndiwo yake ndi nsomba. Pali usipa, wofanana ndi kapenta amene mumagula pa msika, umene asodzi amaukopa usiku ndi nyali. Pali utaka, chambo, ndi kampango wopanda mamba. Sankhani nsomba yophikidwa kumene, yotentha, ndipo chenjerani ndi minga. Nthawi zina mudzaona chinthu chonga utsi chikukwera pamwamba pa nyanja. Si moto ayi, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu amatigwira, natiumba, natiyanika kuti tikhale ndiwo. Musaseke. Kodi ife sitidya inswa ndi vinkubala? Palinso malambe ambiri, ndi mango m'nyengo yake.

Akakuikirani chakudya, sambani m'manja, landirani ndi manja awiri, ndipo nenani zikomo. Ngati chakukanikani, lawani pang'ono ndi kupepesa mwaulemu. Kukwinya nkhope pa nsima ya mwini nyumba ndi kunyoza thukuta lake, ndipo anthu sadzati ndi mwana mmodzi wachita zimenezi, adzati ndiwo mkhalidwe wa ana a ku Zambia. Mlendo ndi mame, sakhalitsa, koma mbiri yake imatsala.

Samalaninso thupi lanu. Madzi a m'nyanja amaoneka oyera, koma akumwa akhale owiritsa. Musasambe m'malo a bango ndi madzi osayenda, chifukwa m'menemo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Funsani eni dera pamene pali posambira pabwino, ndipo musalowe m'madzi popanda wamkulu. Usiku gonani m'neti yoteteza udzudzu kuti mupewe malungo. Mukabwerera kwanu, ngati thupi latentha kapena mwaona magazi mu mkodzo, pitani ku chipatala msanga ndi kuwauza kumene munali.

Kwa aphunzitsi: thandizani ana kujambula mapu a njira yochokera ku Chongwe kufika ku Likoma, alembe matauni onse amene tatchula. Panja pa kalasi aumbe chilumba ndi dothi m'beseni la madzi. Kenaka ayankhe mafunso aŵa:

1. Kodi chilumba ndi chiyani?
2. Chifukwa ninji chinangwa chowawa amayamba achiviika?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene mlendo angachite kuti asadwale.
4. Mwana wa ku Likoma atabwera kwanu, mungamphikire chiyani, ndipo mungamuchenjeze za chiyani?

Tsalani bwino ana, mpaka tidzakumanenso sabata ya mawa.