Kuyendetsa kireni uli pansi: sikirini isaname

Sabata yatha ndinatumiza ndalama pafoni kwa munthu wolakwika. Mayina awiri anali moyandikana pasikirini, chala chinaterereka, basi ya ndiwo inapita. Ndinadandaula tsiku lonse, koma kenako ndinaganiza za anthu ena amene nawonso amagwira ntchito poyang'ana sikirini, koma akalakwitsa chimagwa ndi chitsulo cholemera matani angapo, pansi pali anthu.

Ndikunena oyendetsa makireni, makina ataliatali aja onyamula zitsulo ndi konkire pomanga nyumba zosanjikizana. Mwachizolowezi woyendetsa amakwera makwerero mpaka kukachipinda ka pamwamba, n'kukhala komweko pafupifupi tsiku lonse. Ku Japan, kumene amisiri ambiri a zomangamanga akukalamba, makampani a Takenaka ndi Kajima anapanga njira yotchedwa TawaRemo yoti woyendetsa azikhala pansi. Mu 2020 anaonetsa kuti munthu ali ku Osaka atha kuyendetsa kireni ya ku Nagoya, mtunda wopitirira makilomita 100.

Zomveka bwino, eti? Koma munthu akatsika m'kachipinda kaja amasiya zambiri kumwamba. Kumeneko thupi lake limamva kireni ikamagwedezeka, makutu amamva mphepo, ndipo maso awiri amamuuza kuti katundu watsala pang'ono kugunda khoma. Kamera imaonetsa chithunzi chafulati, chovuta kudziwira kutalika kwa mtunda. N'chifukwa chake mpando wa TawaRemo anaupanga kuti uzigwedezeka motsatira kireni yeniyeniyo. Anadziwa kuti woyendetsa amamvanso ndi msana.

Vuto lina ndi kuchedwa kwa chithunzi. Tonse tikudziwa mmene video call imachitira netiweki ikavuta: mnzako amauma kukamwa kuli yasa. Katundu wa pakireni amalendewera pachingwe n'kumapita uku ndi uku ngati katungwe. Chithunzi chikachedwa ngakhale theka la sekondi, woyendetsa amayesa kuletsa katundu pamalo pamene wachokapo kale, ndipo kugwedezekako kumangokula. Sikirini yabwino iyenera kunena poyera kuti chithunzi chachedwa, ndipo kulumikizana kukaduka kireni iime bwinobwino payokha.

Palinso nkhani ya manambala. Kireni imanyamula zochepa katundu akamatalikira nsanamira yake, choncho kulemera kwa katundu, mtunda wake kuchokera pansanamira ndi liwiro la mphepo ziyenera kuoneka nthawi zonse, osati kubisika m'kati mwa menyu. Koma kuchulutsa machenjezo nakonso n'koopsa. Foni ikamangolira ndi mauthenga a m'magulu a WhatsApp, timasiya kuiyang'ana. Alamu yolira pa chilichonse imazolowereka chimodzimodzi, ndiye tsiku la ngozi yeniyeni munthu saitekeseka nayo. Ndipo batani loimitsa makina mwadzidzidzi likhale lenileni, lofiira, loti dzanja lilipeze osayang'ana.

Achinyamata ambiri amene akuphunzira kupanga maapu amatanganidwa ndi mitundu ndi kukongola kwa zilembo. Ine ndikuti ayambe afunsa amene adzagwiritse ntchito chinthucho. Pakireni, ameneyo ndi woyendetsa amene wakhala zaka kumwamba kuja, komanso mnzake wa pansi womangirira katundu, amene amamulankhula pawailesi. Wa pansiyo sikirini saiona n'komwe, koma chitsulo chimadutsa pamutu pake.